Anzanu a kuntchito akamakutopetsani kuposa ntchitoyo

Kutopa kwa dzuwa tonse a kuchigwa cha Shire timakudziwa. Okutobala akafika, ku Ngabu ndi ku Bangula kutentha kumadutsa madigiri 40, malata amachita kuthetheka, ndipo pofika 2 koloko masana ngakhale mbuzi zimakhala zabisala pansi pa ngolo. Kutopa kumeneko kuli ndi mankhwala ake: kusamba, nsima ya mlamba, mphasa pabwalo. Mawa lake umadzuka uli munthu. Koma pali kutopa kwina kumene umagona nako n'kudzuka nako, kumene kumayamba Lamulungu madzulo ukangokumbukira nkhope ya munthu amene ukakumane naye Lolemba.

Ine ndinakudziwa bwino chaka cha madzi aja, 2015. Ndinali kalaliki wa sitolo pamalo ena kuno kumunsi, ndipo katundu ankalowa ndi kutuluka usana ndi usiku. Kenako kunasowa matumba angapo, mnzanga wina anaitanidwa kwa abwana, mphekesera n'kumveka kuti wamuneneza ndine. Sindinamuneneze. Koma kuyambira tsiku limenelo moni wanga ankangogwera pansi. Ndikalowa, nkhani imaduka. Pa nkhomaliro anzanga ankasuntha ndi mbale zawo. Palibe ananditukwana, palibe anandikhudza. Mwezi usanathe, ine amene sindinkaphonya nambala ndinayamba kulemba 46 pamene pali 64, kuwerenga mulu umodzi katatu, kuiwala kusainitsa dalaivala. Abwana ankaona kalaliki amene wayamba ulesi, pamene ine theka la mutu linali pa matumba, theka lina likumvetsera zonong'onezana kuseri kwa chitseko.

Kuno zimapweteka kawiri. Ku Blantyre munthu akaweruka amakwera minibasi, wina wa ku Ndirande wina wa ku Bangwe, basi asiyana. Kuno amene wakuzazira m'mawa ndi yemwe uyandikana naye nyumba kumalaini kapena kuseri kwa sukulu. Akazi anu amatunga pa mjigo umodzi, mumapemphera tchalitchi chimodzi, pamaliro mukumba manda amodzi. Mkangano wa kuntchito suweruka.

Nazi njira zimene ndinaphunzira mochedwa, m'ndondomeko yake.

1. Tchulani chimene chikukudyani

Ambiri timangoti "ntchito yandikwana". Mawu amenewo amabisa zambiri. Khalani pansi mulekanitse zitatu: kulemera kwa ntchito, kuchepa kwa malipiro, ndi khalidwe la anthu. Ziwiri zoyambazo zili ndi njira zake. Chachitatucho ndicho timachibisa, chifukwa mwamuna wamkulu amachita manyazi kunena kuti sakugona chifukwa chakuti anzake sakumuyankha moni.

Dzifunseni chonchi: munthu mmodzi kapena awiri atapita ku tchuthi mwezi wathunthu, ntchito yomweyi ingapepuke? Ngati mtima wayankha msanga n'kutchula dzina, mwapeza pamene pali bala.

Bala limenelo limabwera m'mitundu yambiri. Kapitawo wokonda kuzazira pagulu. Kukondera pogawa mgwazo, pamene wina tsiku lililonse amapatsidwa mizere ya nzimbe zogwa ndi zopiringizana, wina zoimirira bwino. Kusemphana pa za mawekishopu, pamene mayina omwewo ndiwo amapita kukadya alawansi ku Liwonde kapena ku Mangochi ena n'kumatsala akugwira ntchito ya anthu awiri. Kusalana kwa obwera ndi eni dera: wa kumtunda amene anatumizidwa kuno n'kumayenda ngati ali pa chilango, kuseka Chisena cha anzake kapena cha odwala, ndiye mbali inayo eni dera amene amasinthira dala ku Chisena kapena Chimang'anja chozama akafuna kumudya miseche ali pomwepo. Ndiye pali mantha a antchito a masizoni (olembedwa kwa nyengo imodzi yokha), amene amachititsa anthu kuponderezana kuti dzina lawo lidzakumbukiridwe polemba chaka chamawa. Zonsezi si chinthu chimodzi ndipo mankhwala ake amasiyana, n'chifukwa chake muyambe mwachitchula dzina.

2. Onani pamene chaluma ntchito yanu

Thupi silisiyanitsa ng'ona ya padooko ndi bwana amene akubwera atakwinya nkhope. Likaona choopsa limatulutsa timadzi totchedwa adrenaline ndi cortisol: mtima umathamanga, minofu imakungika, maso amakhala pa choopsacho basi. Padooko zimenezi zimapulumutsa moyo, ndipo ukafika kumtunda thupi limabwerera mwakale. Koma ng'ona ya kuntchito umakumana nayo tsiku ndi tsiku, ndiye thupi silipeza mpata wotsika. Tulo timachepa. Maganizo amagawikana. Zinthu zing'onozing'ono zimene unkachita osaganizira n'komwe zimayamba kugwa m'manja.

Kwa milungu iwiri, sungani kakope m'thumba. Madzulo alionse lembani mizere itatu: chimene chachitika ndi anthu, mmene mwagonera usiku wapitawo, ndi chimene mwalakwitsa kapena mwasiya osachita. Mudzadabwa mmene zimayendera limodzi. Mphunzitsi amapeza kuti tsiku limene ahedi amunyoza pa asembule ndi lomwe amangopatsa ana 90 aja manotsi oti akopere, iye n'kukhala pansi pa mtengo. Namwino amapeza kuti anasiya kufunsa mnzake za mlingo wa mankhwala poopa kuyankhidwa mwachipongwe. Wothirira amapeza kuti anaona ngalande ikudontha koma sananene, poti wonena ndiye amasanduka wolakwa.

Chomalizachi ndicho choopsa kuposa zonse, ndipo sichioneka pa rejisitala iliyonse. Kujomba kumaoneka, kuchedwa kumaoneka. Koma munthu amene wabwera nthawi yake, wasaina, wavala yunifolomu, koma watseka pakamwa ndipo akungochita zongokwanira kuti asachotsedwe, ameneyo palibe amamuwerenga. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2022 kuti dziko lonse limataya masiku ogwira ntchito okwana 12 biliyoni chaka chilichonse chifukwa cha matenda a nkhawa ndi kukhumudwa. Ine ndikamva nambala imeneyo ndimaganiza za masiku enawo, amene munthu anabwera koma mtima anausiya kunyumba.

Kakope aka kadzakuthandizaninso kutsogoloku, choncho muzilemba tsiku ndi nthawi, ndiponso amene analipo.

3. Tsekani mipata imene ili m'manja mwanu

Musanapite kwa wina aliyense, yang'anani pamene inuyo mukuthira nkhuni pamoto.

Choyamba ndi ngongole. Mikangano yambiri imene ndaiona kuntchito inkaoneka ngati ya ntchito, koma ukaikumba pansi pake pali ndalama. Wina anakongola kwa mnzake pa katapila, mwezi watha sanabweze, ndiye akuzembana pa shifiti. Wina anadya chipereganyu n'kusiya kusonkha. Choipitsitsa ndi kukongola kwa kapitawo wanu kapena kukongoza munthu amene mumamuyang'anira: kuyambira pamenepo mawu alionse a ntchito amamveka ngati akunena za ngongoleyo. Ngati muli nayo, pitani mukagwirizane tsiku ndi kabwezedwe, ngakhale pang'onopang'ono. Ngati mukufuna kukongola, kuli bwino banki m'khonde ya kumudzi kapena SACCO, kumene kuli malamulo olembedwa.

Chachiwiri ndi pakamwa. Amene amakubweretserani nkhani ya wina amatenganso yanu popita. Simuyenera kumukalipira. Mungoti, "Aaa, zimenezo mukawafunse eni ake," n'kupitiriza zimene mumachita. Akayesa kawiri katatu amasiya, poti mbalame siibwerera pamtengo wopanda zipatso.

Chachitatu ndi foni. Gulu la WhatsApp la kuntchito lasanduka bwalo la milandu losaweruka. Musayankhe mawu obaya usiku, mutatopa, nyumba ikutentha ngati uvuni ndipo magetsi azima. Zimene mwalemba zimajambulidwa n'kutumizidwa kwa abwana zopanda mutu ndi mchira wake. Uthenga wokunyozani, ujambuleni musunge, koma yankho lidikire kucha.

Ndipo pemphani a kunyumba kuti asalowemo. Nkhani ya amuna awiri ikafika pa mjigo, imabwerako itabereka ana.

4. Lankhulani ndi mwiniwake, pawiri

Apa ndi pamene ambiri timathawa, ndipo ine ndinathawapo miyezi itatu. Tinaleredwa kuti kuyang'ana munthu m'maso n'kumuuza kuti wakulakwira ndi mwano, makamaka akakhala wamkulu. Ndiye timauza aliyense kupatula iyeyo. Koma mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo nthawi zambiri munthu amene ukumuopa nayenso akukuopa.

Sankhani nthawi. Osati masana dzuwa lili paliwombo, aliyense mtima uli m'mwamba. Osati tsiku la malipiro. Osati pamaso pa anthu, chifukwa munthu akakhala ndi omuonerera amateteza ulemu wake osati choonadi. M'mawa ntchito isanayambe, kapena madzulo mukukankha njinga limodzi, ndiyo nthawi yabwino.

Yambani ndi moni wathunthu, mufunse za kunyumba monga mwa masiku onse. Kenako tchulani chinthu chimodzi chokha, cha tsiku lodziwika, ndipo muchimangirire ku ntchito. Kwa mnzanu wofanana naye mungati:

"Achimwene, ndimafuna tikambirane pang'ono. Chichokereni nkhani ya matumba ija ndikuona ngati tasiyana. Mwina mwamva kuti ndinakunenezani. Ine sindinatero, koma ndimafuna mumve kwa ine mwini. Panopa tikulephera ngakhale kupatsana makiyi bwinobwino, ndipo zikatere tonse tidzapezeka olakwa."

Kwa wamkulu mawu amafewa koma mfundo isasungunuke:

"Bwana, pepani ndikutayitseni nthawi pang'ono. Lachiwiri lija munandidzudzula za lipoti pamaso pa anzanga. Kulakwa kunalipo, ndavomera ndipo ndakonza. Chimene ndimapempha n'chakuti ndikalakwitsa muzindiitanira mu ofesi. Mukandikalipira pagulu mutu umaima, ndiye ndimalakwitsanso zina."

Taonani zimene mulibe m'mawu amenewo. Mulibe "nthawi zonse mumatero". Mulibe "aliyense akudandaula nanu", mawu amene amachititsa munthu kuyamba kusaka kuti aliyenseyo ndani. Mulibe mtundu wa munthu, kwawo, kapena za banja lake. Mukangoti "inu a kumtunda" kapena "inu Asena", nkhani ya lipoti yathera pomwepo, mwayamba ina imene simudzaimaliza.

Mukatha kulankhula, khalani chete mumve. Mutha kumva zimene simunaziyembekezere. Mnzanga uja, nditalimba mtima, anandiuza kuti sanakhulupirire kwenikweni kuti ndinamuneneza. Chimene chinamuwawa n'chakuti tsiku limene anaitanidwa kwa abwana sindinapite kunyumba kwake madzulo kukamuona, pamene ena onse anapita. Kukhala chete kwanga ndiko kunaoneka ngati umboni. Miyezi itatu ya kusagona, chifukwa cha ulendo wa mphindi 10 umene sindinayende.

Si nthawi zonse zimatha bwino chonchi. Ena amakuseka, ena amakana kuti palibe nkhani, ena amawonjeza moto. Zikatero simunataye kanthu: lembani m'kakope kuti tsiku lakuti munayesa, mupite pa sitepe yotsatira.

5. Pezani mkhalapakati

Banja likavuta timaitana ankhoswe, koma kuntchito timafuna kulimbana tokha. Pafupifupi malo alionse pali munthu amene onse amamumvera ngakhale alibe udindo: mlonda wakale, mayi wa kukhitchini amene anaona mabwana asanu akubwera ndi kupita, mphunzitsi wotsala pang'ono kupuma. Ameneyo ndiye woyamba. Asakhale mnzanu wapamtima, asakhalenso mbale wa winayo, pakuti khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Ngati muli mu yuniyoni, nthumwi yake ndi ntchito yake imeneyi. A m'minda ya nzimbe ali ndi SPAWUM, aphunzitsi ali ndi TUM, anamwino ndi azamba ali ndi NONM. Ambiri timakumbukira yuniyoni pa nkhani ya kukweza malipiro basi, chonsecho ndalama imadulidwa mwezi ndi mwezi.

Chenjezo limodzi: musathamangire kwa amfumu kapena kwa abusa ndi nkhani ya kuntchito, pokhapokha itafika kale kumudzi. Mukaitulutsa kunja kwa mpanda, winayo amamva kuti mwamuvula pagulu, ndipo kubweza kumavuta.

6. Lembani kalata, ndipo dziwani pamene lamulo laima

Zapakamwa zikakanika, lembani. Tsamba limodzi lakwana: zimene zinachitika, masiku ake, amene analipo, zimene mwayesa kale, mmene zakhudzira ntchito, ndi chimene mukupempha. Pempho likhale lotheka, monga kusinthidwa shifiti, kugawa mgwazo mosinthana, kapena kukumana pamaso pa wachitatu. Kalata yoti "achotsedwe" imangoikidwa m'diloo. Pangani makope awiri, imodzi akusainireni kuti alandira, musunge kunyumba pamalo okwera. A ku Makhanga ndi ku East Bank, kumene madzi amasefukira, safunika kuuzidwa chifukwa chake mapepala amasungidwa m'pulasitiki, pamwamba.

Lamulo la Employment Act la chaka cha 2000 lili ndi mfundo zingapo zimene wantchito aliyense ayenera kuzidziwa pamtima. Sangakuchotseni ntchito popanda chifukwa chomveka, ndipo ngati chifukwacho ndi khalidwe lanu kapena kagwiridwe kanu ka ntchito, ayenera kukupatsani mpata woti mudziteteze kaye. Apa ndi pamene kakope kaja kamagwira ntchito: ngati zolakwitsa zanu zinayamba pamene nkhanza zinayamba, muli ndi chosonyeza. Kukadandaula kuti abwana akuphwanya lamulo si chifukwa chochotsera munthu, ngakhalenso kukhala mu yuniyoni. Ndipo ngati khalidwe la olemba ntchito lafika poti munthu wanzeru zake sangapitirize, lamulo limalola kuti musiye n'kukadandaula ngati munthu wochotsedwa mopanda chilungamo. Koma njira imeneyi ndi yoterera, imafuna umboni wolimba, musaiyambe musanafunse odziwa.

Madandaulo a kuchotsedwa mopanda chilungamo amapita kwa a leba a m'boma lanu, ku Chikwawa kapena ku Nsanje, pasanathe miyezi itatu chichotsedwereni. Miyezi itatu imatha ngati madzi a m'khwawa, makamaka munthu akamadikira kuti mwina abwana asintha maganizo. Zikakanika kwa a leba, nkhani imapita ku khoti la Industrial Relations Court ku Blantyre. Ogwira ntchito m'boma alinso ndi ofesi ya Ombudsman.

7. Nkhani ziwiri zosayenera kudikira ndondomeko

Zonse ndanenazi ndi za kusemphana kwa anthu. Pali ziwiri zimene si kusemphana ayi, ndi milandu.

Yoyamba: wamkulu amene akufuna thupi lanu kuti akulembeni sizoni ikubwerayi, akuikeni pa mndandanda wa wekishopu, kapena akusainireni tchuthi. Kugwiragwira, mauthenga a usiku, nthabwala zolaula zimene mwakana koma sizikutha. Musapite kukakambirana naye pawiri, ndipo musalole wina akuuzeni kuti "ndi mmene alili, ingomupirirani". Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati umenewu ndi mlandu, chilango chake ndi K1,000,000 ndi zaka 5 kundende. Sungani mauthenga, uzani munthu mmodzi wodalirika tsiku lomwelo, kenako pitani kwa akuluakulu oposa iyeyo, ku Victim Support Unit ya polisi, kapena ku Malawi Human Rights Commission.

Yachiwiri ndi kunenezedwa ufiti. Wina akakwezedwa, wina akamadula matani ambiri kuposa anzake, wina akadwala atangokangana ndi mnzake, mawu amayamba: "ali ndi zake ameneyo". Ena amaseka, koma tonse tikudziwa kumene mawu otere amathera akafika kumudzi. Lamulo la Witchcraft Act la 1911 likadalipo, ndipo limati kuloza munthu chala kuti ndi mfiti ndi mlandu. Nenani kwa akuluakulu a pantchito msanga, molemba, ndipo pakakhala kuopsezana pitani kupolisi.

8. Musaiwale thupi

Pamene mukuyendetsa zonsezi, thupi likulipira. Mutu wosatha, m'mimba kuwotcha, mtima kugunda usiku, kukwiyira ana popanda chifukwa. Ambiri timathamangira kukayezetsa malungo, akapezeka mulibe timabwerera ndi panado. Pemphaninso akuyezeni BP, ndipo muwauze adokotala zoona zake, kuti simukugona ndipo kuntchito sikuli bwino. Zipatala za boma za Chikwawa ndi Nsanje zili ndi ogwira ntchito ophunzira za matenda a maganizo. Kuwaona si misala.

Tengani tchuthi chanu. Lamulo limapereka masiku osachepera 18 pachaka kwa wogwira masiku 6 pa mlungu, ndi 15 kwa wogwira masiku 5. Pitani kudimba, kaoneni abale ku Marka kapena kutsidya, khalani masiku angapo osamva dzina la munthu uja.

Kachasu ndi timabotolo ta pa Dyeratu timagonetsa msanga koma timadzutsa 2 koloko usiku, nkhawa itawirikiza, ndipo m'mawa mwake mwawapatsa adani anu chifukwa chenicheni chokunenezerani. Maganizo ofuna kudzipha akabwera, ngakhale kamodzi, uzani munthu tsiku lomwelo ndipo mupite kuchipatala. Pamenepo za ntchito ziyambe zaima.

9. Kwa inu akapitawo, ahedi, ma-incharge ndi mabwana

Mwina mwawerenga mpaka pano mukuganiza za antchito anu ovuta. Gawo ili ndi lanu, chifukwa mbali yaikulu ya mtendere wa pantchito ili m'manja mwanu, ndipo zambiri sizifuna bajeti.

Ku London kunachitika kafukufuku wotchuka wa Whitehall pakati pa ogwira ntchito m'boma, kuyambira 1967, ndipo gawo lachiwiri linayamba mu 1985 motsogozedwa ndi Michael Marmot. Anthu ankaganiza kuti matenda a mtima amagwira kwambiri mabwana, poti ndiwo asenza udindo. Zinapezeka zosiyana: a m'maudindo apansi ndiwo ankadwala ndi kufa nawo kwambiri, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali kusakhala ndi mawu pa kagwiridwe ka ntchito yawo. Tsono mukamagawa ntchito, siyani kampata koti munthu asankhe yekha. Gulu ligwirizane lokha za kasinthidwe ka mizere. Anamwino akonze okha rosita inu mungovomereza. M'miyezi yotentha afunseni ngati akufuna kulawirira kuti aweruke dzuwa lisanakwiye.

Wina ndi Amy Edmondson wa ku yunivesite ya Harvard, amene m'zaka za m'ma 1990 anafufuza magulu a ogwira ntchito m'zipatala. Anadabwa kupeza kuti magulu ogwirizana bwino ndiwo ankaoneka ndi zolakwa zambiri m'malipoti. Atafufuza anapeza kuti kusiyana kunali pa kunena: iwo ankaulula zolakwa zawo momasuka, pamene enawo ankabisa poopa kukalipiridwa. Choncho ngati pamalo panu palibe amene amabwera kudzati "bwana, ndalakwitsa", musadzitame. Zolakwazo zilipo, mudzaziona pampu itapsa kapena wodwala atavulala.

Zochita zake n'zodziwika. Dzudzulani mu ofesi, yamikirani pagulu. Mndandanda wa opita ku mawekishopu ndi wa ovataimu upachikidwe pakhoma, aliyense aone kuti ulendo uno ndi wa yani ndipo wotsatira ndi wa yani. Musakhale ndi kazitape. Tsiku limene antchito adziwa kuti muli ndi khutu pakati pawo, amasiya kukhulupirirana ndipo inuyo mumayamba kumva zokhazo zimene kazitapeyo akufuna mumve. Wobwera kumene mumuperekeze, mumuphunzitse moni wa Chisena, mumuuze za maliro ndi zopereka zake, asadzaoneke wonyada chifukwa cha kusadziwa. Ndipo wantchito wabwino akayamba kulakwitsa mwadzidzidzi, musanalembe kalata ya chenjezo, mufunseni kaye kuti chasintha n'chiyani.

Kumbukiraninso nyengo. Pambuyo pa namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023, anthu ambiri ankabwera kuntchito akuchokera m'misasa, ena atataya nyumba, ziweto, ngakhale abale. Munthu wotere amapsa mtima msanga, ndipo kamawu kamene kale akanaseka kamamulasa. Nthawi ngati zimenezo, komanso miyezi ya njala ya Januwale ndi Febuluwale, mikangano ya pantchito imachuluka, ndipo wamkulu wanzeru amafewetsa mawu asanadikire kuti zivute.

10. Zikakanika, chokani mwadongosolo

Pali malo ena amene sangakonzeke ndi munthu mmodzi. Ngati mwalankhula, mwaitana mkhalapakati, mwalemba, ndipo papita miyezi thupi likunka liipiraipira, yambani kukonza njira yotulukira. Kuno ntchito ndi zosowa, ndikudziwa, ndipo kuuza munthu wa ana asanu kuti "ingosiyani" ndi chipongwe. N'chifukwa chake ndikuti mwadongosolo.

Yambani ndi kusuntha kwa mkati: gulu lina, shifiti ina, sukulu ina ya m'zoni yomweyo kudzera kwa a PEA (mlangizi wa sukulu za pulayimale m'zoni), chipatala china kudzera ku ofesi ya zaumoyo ya boma. Popempha transifa lembani chifukwa chimene chingayende m'maofesi popanda kuyambitsa nkhondo ina, koma kalata yanu ya madandaulo ija ikhalebe m'failo.

Ngati n'kusiya kumene, musasiye Lachisanu mutapsa mtima. Pezani kaye pogwira, kaya ndi ntchito ina, kaya ndi dimba la nyemba ndi chimanga cha mthirira, kaya ndi kageni ka nsomba. Malizani ngongole za pantchitopo. Perekani notisi yolemba monga mwa mgwirizano wanu, chifukwa kungosowa kumakutayitsani zimene mukanalandira. Funsani masiku a tchuthi amene simunatenge awerengedwe, tengani nambala yanu ya penshoni ndi dzina la kampani imene imasunga ndalamazo, ndipo musatuluke pageti opanda kalata yosonyeza kuti munagwirapo ntchito kuyambira liti mpaka liti. Makiyi ndi katundu yense wa pantchito mubweze pamaso pa mboni, akusainireni.

Tsiku lomaliza tsanzikani aliyense, ndi uja yemwe. Mudzakumana naye Loweruka pamsika wa Nchalo.